Buku la Kapitawo ndi Ndodo ya Mbusa

Uthenga wa lero ndi wautali. Ngati muli pa ntchito, usungeni kuti muwerenge madzulo mutapuma.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, mwana wina wa Sande Sukulu adandifunsa kuti, "Agogo, kodi inu mudamuonapo mbusa wa nkhosa?" Ndidaseka, koma funsolo lidanditsata mpaka kunyumba. Kunena zoona, kuno kwathu nkhosa n'zosowa. Tili ndi mbuzi za pachingwe, nkhuku, ndi ng'ombe za mkaka zodyera m'khola cha ku Bvumbwe. Busa lenileni tilibe, pakuti malo ambiri achonde ali pansi pa tiyi. Komabe mlungu ndi mlungu timayimba za Mbusa, mtumiki wa Mawu timamutcha abusa, ndipo pa maliro timawerenga Salmo 23. Tsono ndidadzifunsa kuti, makolo athu amene sadawetepo nkhosa, mawu amenewa ankawamva bwanji?

Ndikhulupirira kuti adawamva powafanizira ndi munthu wina amene ankamudziwa bwino lomwe, ndiye kapitawo wa pa esiteti. Mbusa ndi kapitawo onse amanyamula ndodo. Onse amayenda pakati pa gulu. Onse amawerenga. Koma kawerengedwe kawo n'kosiyana, ndipo mbiri ya mpingo m'dera lino yagona pa kusiyana kumeneko. Lolani kuti ndikufotokozereni mbiriyo, kenaka ndiulule cholakwa changa.

Tiyambe ndi nthaka imene tikupondayi. Mu 1891 dziko lino lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi. Kuyambira 1892, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, adayamba kupereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati adagula malowo kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. M'zikalata zambiri mudali mawu oteteza midzi imene idalipo kale kuti isasunthidwe. Koma obwera pambuyo mawuwo sadawakhudze. Obwera pambuyowo ndi makolo a ambiri a ife, Alomwe amene adawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Adapeza Amang'anja, eni dziko, koma adapezanso kuti malo ambiri ali kale ndi bwana wake. Kuno ku Thyolo, kampani ya British Central Africa inali ndi malo aakulu zedi.

Wofuna pomanga nyumba ndi polima ankalipira ndi thukuta lake. Ndiyo thangata ija. Kale mawuwa ankatanthauza chithandizo chimene anansi amapatsana, kapena chimene anthu amapereka kwa mfumu yawo. Pa esiteti adasanduka goli: mwezi umodzi wa lendi ya malo, mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Ndipo mweziwo sunkawerengedwa ndi kutuluka kwa mwezi kumwamba ayi, koma ndi tikiti. Tsiku lililonse kapitawo ankachonga tikiti ya munthu, ndipo ngati munthuyo sadamalize ndime yake, tsikulo silinkachongedwa. Motero mwezi umodzi unkatalika kufika masabata 6 kapena kupitirira, m'nyengo ya dzinja yomweyo pamene munda wa munthu mwini unkafuna khasu. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'malo a eni maesiteti lidalola kulipira lendi ndi ndalama, koma lidalolanso mwini malo kuchotsa gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu ake pakatha zaka zisanu zilizonse. Agogo anga aakazi, amene adawoloka Ruo ali mtsikana, ankanena kuti munthu ankagona akudziwa kuti dzina lake lili m'buku, koma osadziwa tsiku limene adzalifufute.

Mwina simudziwa kuti tiyi ndi Uthenga Wabwino zidatulukira pabwalo limodzi. Amishoni a mpingo wa ku Scotland adafika ku Blantyre mu 1876. Mu 1878 wosamala dimba la mishoni, Jonathan Duncan, adabwera ndi mbande za khofi, ndipo m'dimba lomwelo ndimo adayesa koyamba kudzala tiyi. Kuyesa koyambako sikudaphule kanthu, koma patapita zaka tiyi wina adamera, ndipo mu 1891 Henry Brown adatenga mbewu zake n'kukadzala ku Mulanje. Kuno ku Thyolo azungu adayamba ndi khofi ndi fodya, tiyi n'kudzatsatira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900. Satemwa idakhazikitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, ndipo pofika m'ma 1930 tiyi ndiye adali mfumu ya mapiri athuwa. Choncho mpingo ndi esiteti zidakulira limodzi ngati ana obadwa m'mudzi umodzi, ndipo anthu wamba ankayang'anitsitsa kuti aone ngati mbusa wa pa mishoni adzakhala wosiyana ndi kapitawo wa pa esiteti.

Pano ndiyenera kunena chinthu chowawa, pakuti mbiri yobisa zolakwa za mwini wake si mbiri. Pa chiyambi penipeni, abusa athu adakhala akapitawo. M'zaka za 1878 ndi 1879, amishoni a ku Blantyre adadziika okha kukhala oweruza milandu. Ankakwapula anthu ndi chikoti. Munthu wina adafa atakwapulidwa, ndipo wina, amene ankamuganizira mlandu wakupha, adamuwombera ndi mfuti. Mlendo wina wotchedwa Andrew Chirnside adalemba nkhaniyi m'kabuku kamene kadatuluka mu 1880, ndipo ku Scotland kudagwa manyazi aakulu. Mpingo udatuma ofufuza, ndipo mu 1881 m'busa Duff MacDonald adachotsedwa pamodzi ndi anzake awiri, John Buchanan ndi George Fenwick. Buchanan adapitiriza ngati mlimi wamkulu wa khofi ku Zomba. Taonani, abale, mmene ndodo yotsogolera imasandukira msanga chikoti. Sipafunika mtima wa chilombo ayi. Pamangofunika mtsogoleri amene wayamba kuona gulu ngati katundu wake.

Mulungu sadausiye mpingo pamenepo. Mu 1881 momwemo kudabwera David Clement Scott, amene adataya chikoti n'kuyamba kukhala pabwalo ndi mafumu, kumva milandu m'njira ya eni dziko. Adaphunzira Chimang'anja kufikira adalemba dikishonale yake yaikulu ya 1892. Pamodzi ndi amisiri akuda amene adaphunzirira ntchitoyo pomwepo, adamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, chimene chilipo mpaka lero. Koma chachikulu kuposa njerwa n'chakuti adakhulupirira kuti nkhosa za kuno zidzawetedwa ndi abusa a kuno. Adasankha anyamata 7 n'kuwapatula kukhala madikoni, ndipo mwa iwo mudali John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta. Azungu ambiri, ena a m'mishoni momwemo, sadakondwere nazo. Scott adachoka mu 1898, ndipo padapita zaka zambiri mpaka mu 1911 pamene Matecheta ndi Stephen Kundecha adadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre.

Abusa awiri m'dziko lalikulu chotere akadafika pati? Apa ndi pamene ndifuna mumvetse. Amene adaweta nkhosa m'midzi ya m'mphepete mwa maesiteti sadali odzozedwa ovala kolala, koma aphunzitsi a sukulu za m'midzi, alaliki, akulu a mpingo, ndipo pambuyo pake amayi a Mvano. Ankayenda pansi, m'matope ndi m'chiperoni. Pa malo a esiteti sukadamanga sukulu kapena nyumba ya mapemphero popanda chilolezo cha mwini malo, choncho mapemphero ambiri ankachitikira pansi pa mtengo kapena pakhonde la munthu. Ndipo sitidali tokha: abale athu a Seventh Day ali ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa, kuyambira 1902, ndipo kumeneko adalandira odwala khate amene dziko lidawataya. Maina a oyenda pansiwo ambiri sadalembedwe, koma ndi iwo adaonetsa makolo athu tanthauzo la mawu akuti mbusa.

Mmodzi amene dzina lake lidasungika ndi Lewis Mataka Bandawe, Mlomwe wobadwira ku Mozambique amene adaphunzira ku Blantyre Mission. Mu 1913 adabwerera kwawo kukaphunzitsa ku Mihecani, ndipo adagwira ntchito yaikulu yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwerera kuno, mu 1943 adayambitsa bungwe loimira Alomwe, limene lidalimbana ndi boma kuti lisiye kuwatcha dzina lachipongwe limene lidali m'mabuku a boma, ndipo boma lidasiyadi. Mu Yohane 10 Ambuye akuphunzitsa kuti mbusa weniweni amadziwa nkhosa iliyonse ndi dzina lake. Kwa anthu amene pa esiteti adali nambala ya pa tikiti, ndipo kuboma adali dzina lonyoza, chiphunzitso chimenechi sichidali chokometsera ulaliki ayi. Chidali kubwezeredwa umunthu.

Ubusa wa mpingo udayesedwa pa moto mu Januwale 1915, pamene John Chilembwe ndi anthu ake adaukira. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, woyang'anira William Jervis Livingstone ankatentha nyumba zopemphereramo ndipo thangata idafika poipa. Boma lidabwezera mwankhanza. John Gray Kufa, mmodzi wa madikoni a Scott aja, mkulu wa mpingo ndiponso wothandiza madokotala, adaphedwa ndi boma pa mlandu wa kuukirako. Azungu ambiri adafuna kuti sukulu zoyendetsedwa ndi anthu akuda zitsekedwe. Pamaso pa bungwe lofufuza, Alexander Hetherwick, mkulu wa mishoni ya Blantyre, adaziteteza sukuluzo, ndipo adadzudzula azungu amene ankafuna kuti munthu wakuda awavulire chipewa koma iwo osabweza ulemuwo. Matecheta ndi Kundecha nawo adapereka umboni. Komabe tisadzitame kwambiri: thangata idakhalapobe zaka zina zoposa 40, ndipo nthawi zambiri mpingo udasankha mtendere ndi eni maesiteti kusiyana ndi kulira kwa anthu.

Kulirako kudaphulika kuno kwathu mu Ogasiti 1953, chaka chimene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba. Anthu okhala m'maesiteti a ku Thyolo, otopa ndi lendi, kuchotsedwa pa malo ndi kusowa polima, adatseka misewu ndi mitengo n'kukana ntchito. Chipolowecho chidafalikira m'maboma ena a kumwera, ndipo anthu 11 adafa. Zitatero boma lidafulumiza kugula malo ena kwa makampani kuti likhazikepo anthu. Mu 1958 Sinodi ya Blantyre idalankhula poyera kutsutsa Chitaganya, ndipo mu 1962 lamulo lidathetsa thangata. Patapita zaka 30, pa 8 Malichi 1992, maepiskopi a Chikatolika adawerengetsa m'matchalitchi kalata yawo, imene m'chilankhulo cha mpingo imatchedwa kalata ya ubusa, pa nthawi imene aliyense ankaopa kutsegula pakamwa. Atsogoleri a CCAP a Sinodi za Blantyre ndi Livingstonia adaimirira nawo, bungwe la Public Affairs Committee lidabadwa chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adavota pa riferendamu. Nthawi iliyonse imene mpingo udakumbuka kuti ndi mbusa, anthu adaona. Nthawi iliyonse imene udaiwala, anthu adaonanso.

Tsono kusiyana kwa mawerengedwe awiri aja kuli pati? Kapitawo amawerenga amene afika, pakuti iwo ndiwo adzaze dengu. Amene sadafike amangolembedwa kuti wajomba, ndipo mawa pamalo pake pabwera wina. Mbusa amawerenga madzulo pakhomo la khola, monga tikuonera mu Yeremiya 33, pamene mneneri akulonjeza kuti m'dziko lopasuka ziweto zidzawerengedwanso imodziimodzi. Iye powerenga safuna kudziwa kuchuluka kwa chuma chake, koma afuna kudziwa imene yasowa. Mu Luka 15 chiwerengero chikaperewera ndi imodzi, mbusa sagona. Mu Ezekieli 34 mlandu wa abusa a Israeli ndi womwewo: adadya za gulu, koma yodwala sadaichize, yothyoka sadaimange, yotayika sadaifune.

Musandimve molakwa. Sindikunyoza abale athu amene ali akapitawo lero. Ena mwa iwo ndi akulu a mpingo anzanga, anthu oopa Mulungu, ndipo ntchito ya pa esiteti ndiyo imatidyetsa ndi kuphunzitsa ana athu. Sikelo iyenera kukhalapo, buku liyenera kulembedwa. Ngakhale waganyu wa mu Yohane 10 sakudzudzulidwa chifukwa cholandira malipiro, koma chifukwa chothawa poona mmbulu. Chimene ndikunena n'chakuti kawerengedwe koyenera pa sikelo ya tiyi kakalowa m'nyumba ya Mulungu, kamapha.

Ndipo kadalowa kudzera mwa ine. Zaka zingapo zapitazo, pa sesoni, tinkaona buku la akhristu a m'milaga. Mu mlaga wanga mudali mayi wina wamasiye, wothyola tiyi wa nyengo, wa gulu lija limene limalembedwa mvula ikayamba n'kuimitsidwa masamba akachepa m'nyengo yozizira. Mgonero wa Ambuye udadutsa katatu iye osaoneka, ndipo khadi lake la zopereka lidali loyera. Atandifunsa, ndidayankha mosavutika kuti, "Ameneyo adafooka." Tidalemba chizindikiro pa dzina lake n'kupita pa dzina lotsatira. Sizidatenge ndi mphindi imodzi yomwe.

Patapita milungu, mayi wina wa Mvano adandiimitsa panjira n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, kodi mayi aja mudakawaona?" Ndidapita chifukwa cha manyazi, osati chifukwa cha chikondi. Kuchokera kunyumba kwanga ndi ulendo wosakwana ola limodzi wapansi. Ndidawapeza atagona pamphasa, atadwala miyezi yambiri, mwana wawo wamkulu atasiya sukulu kuti azipita kuganyu. Atandiona adayesa kudzuka, nati, "Pepani bambo, ndimayesa mwabwera ndi buku. Ndikachira ndidzabweza zonse." Mawu amenewo sadzachoka m'makutu mwanga. Mdzukulu wa mayi amene ankaopa buku la thangata ndidasanduka munthu amene wamasiye akamuona amakumbuka buku. Iwo sadasiye Mulungu. Adaopa kubwera chimanjamanja, ndipo ife tidawawerenga ngati wojomba.

Mulungu adachita chifundo, mayiwo adachira. Amayi a Mvano adasenza ufa ndi nkhuni, achinyamata adafolera denga, ndipo mwana uja adabwerera kusukulu. Koma ndimadzifunsa kuti, ndi angati ena amene tidawachonga chotero n'kudzamva za iwo pa uthenga wa maliro? Pamene namondwe wa Freddy adagwa mu Malichi 2023 n'kugumula nyumba ndi kukokolola minda m'maboma athu a kumwera kuno, ndidaona kuti mkulu wa mpingo amene ankadziwa khomo lililonse la mlaga wake ndiye adadziwa msanga amene wasowa. Amene ankangodziwa maina a m'buku adayamba kufunsa njira pa tsiku la tsoka.

Kotero ndikupempha akulu a mpingo anzanga ndi madikoni. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo limene anthu amaopa kuliyandikira silizimitsa kanthu. Petro m'kalata yake yoyamba, mutu 5, akutichenjeza ife akulu kuti tisachite ufumu pa gulu limene tapatsidwa, pakuti lili ndi Mwini wake amene adzatifunsa. Sesoni ikubwerayi isanakhale, aliyense wa ife atsegule buku la mlaga wake, alembe maina a amene sadaoneke miyezi itatu, ndipo apite kwa iwo buku atalisiya kunyumba. Tisalembe chizindikiro pa dzina la munthu amene sitidakhale pakhonde lake. Makamaka tikumbuke miyezi imene ntchito ya tiyi yaima, pakuti ndi pamene manyazi a umphawi amatsekera anthu m'nyumba. Zopereka n'zofunika, ndipo ntchito ya mpingo siyenda popanda izo, koma munthu asadzaganizenso kuti gome la Ambuye lili ndi sikelo pakhomo.

Inu achibale a m'tauni ndi a ku Joni, ubusa umenewu ukukhudzani nanunso. Kutumiza ndalama ndi bwino, ndipo tikuthokoza. Koma imbani foni mufunse za amene sakutchulidwanso pa gulu la banja. Komwe muliko, mukaona mwana wa kwathu wasiya kuoneka, musadikire kuti mudzasonkhe ndalama zonyamulira bokosi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndipo iwe m'bale, iwe mlongo, amene ukuwerenga uthengawu uli kutali ndi mpingo chifukwa cha ngongole, matenda, tchimo kapena mawu owawa amene mmodzi wa ife adakulankhula, ndikupepesa m'malo mwa anzanga ndi m'malo mwanga. Ngati tidakufikira ngati akapitawo, tidalakwira iwe ndi Mwini gulu. Iye sadakuchonge kuti wajomba. Adapereka moyo wake chifukwa cha iwe, ndipo akukufunabe.

Mwana uja wa Sande Sukulu ndidzamuyankha Lamulungu likudzali. Ndidzamuuza kuti mbusa wa nkhosa zenizeni ndidangomuona pa chithunzi, koma ndidaona mayi wa Mvano atasenza ufa akutsika phiri m'chiperoni kupita kwa wodwala amene ine ndidamuiwala.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse. Amen.